Mmene ndimapangira patch ndi upgrade ya vCenter popanda kuchezera m'chipinda cha maseva

vCenter ndi pulogalamu ya VMware yoyang'anira ma host, omwe ndi maseva enieni oyendetsa ESXi, pamodzi ndi ma VM, makompyuta ongoyerekeza okhala pa ma hostwo. Patch ndi chigamba chokonza zolakwika, upgrade ndi kukwera kupita pa mtundu watsopano. Ntchito imeneyi ndinaiphunzira Lachisanu lina usiku, nditavala jekete ziwiri chifukwa cha kuzizira kwa m'chipinda cha maseva. Ndinadina Install cha m'ma 8 koloko, manambala pa sikirini anakwera bwinobwino mpaka 80 peresenti, kenako zii. Ola linatha, lachiwiri linayamba. Nditati ndibwezere snapshot, chithunzi cha mmene vCenter inalili ndisanayambe, m'pamene mutu unandizungulira: snapshot ija ndinaitenga kudzera mu vCenter, ndipo vCenter yake ndi yomweyi yagona chigonereyi. Ma host tinali nawo 9, ndipo sindinkadziwa kuti vCenter yakhala pa iti, poti vCenter nayonso ndi VM, ndipo DRS, imene imagawa ma VM pa ma host, inkaisuntha mmene yafunira. Mapasiwedi a root (akaunti yaikulu) a ma host anali mu laputopu ya mnzanga, mnzangayo ali ku maliro kumudzi, kumene foni imagwira ukakwera pachulu. Ndinayesa kulota pasiwedi, ndipo nditalakwitsa kasanu ESXi inanditsekera panja kwa mphindi 15, monga imachitira. Mnzanga ndinamupeza 2 koloko m'bandakucha, akunong'ona kuseri kwa nyumba ya siwa, akundiwerengera pasiwedi chilembo chimodzichimodzi.

Kubwezera snapshot kuja kunatenga mphindi zosakwana 5. Maola 6 onsewo ndinawatayira kufunafuna polowera. N'chifukwa chake zambiri zimene ndilembe pano zikukhudza zokonzekera, makamaka kukhala ndi njira yofikira pa vCenter yosadutsa pa vCenter yomweyo. Kudina batani ndiye aliyense angathe.

Choyamba timvetsetsane chimene chimaima vCenter ikagwa, chifukwa mantha ambiri amachokera pa kusadziwa zimenezi. Ma VM sazima. Amapitiriza kuyenda pa ma host awo ngati palibe chachitika, ndipo ogwiritsa ntchito sadziwa n'komwe. vSphere HA nayo imagwirabe ntchito, poti timapulogalamu take timakhala pa ma host penipenipo; host ina itafa vCenter kulibe, ma VM ake adzadzukabe kwina. Zimene zimaima ndi DRS, vMotion (kusamutsa VM ikuyenda), kupanga ma VM kuchokera ku template, kusintha za pa distributed switch (switch ya netiweki yogawana ma host ambiri), komanso mapulogalamu onse amene amalankhula ndi vCenter, monga a backup. Apa ndili ndi maganizo anga amene abwana ena sagwirizana nawo: patch ya vCenter ndimaipanga masana, Lachiwiri kapena Lachitatu. Usiku ndi nthawi imene backup ya ma VM imayenda, ndiye ukazimitsa vCenter usiku wapha backup ya tsikulo. Masana wa netiweki ali pa desiki pake, wa storage akuyankha foni, iwenso maso ali gwa. Kupatulapo ngati muli ndi ma desktop a Horizon kapena china chilichonse chimene chimapanga ma VM tsiku lonse. Pamenepo sankhani Loweruka m'mawa. Ndipo kumapeto kwa mwezi, pamene a akaunti akukonza malipiro, musakhudze kanthu ngakhale kakang'ono, chifukwa printa ikangovuta tsiku limenelo mlandu udzagwera inu.

Ena amati chikugwira ntchito chisiyeni. Pa vCenter mawu amenewo ndi oopsa, chifukwa wolowa mu vCenter watenga makiyi a nyumba yonse. Mu February 2021 kunatuluka bowo la chitetezo lotchedwa CVE-2021-21972, mu September chaka chomwecho CVE-2021-22005, zonse za mlingo wa 9.8 pa 10, zolola munthu wofika pa port 443 kuchita zofuna zake popanda pasiwedi. Mu October 2023 kunabwera CVE-2023-34048, imene inali yoopsa mpaka VMware inatulutsa patch ya 6.5 ndi 6.7 zomwe, ngakhale kuti zimenezi inali itasiya kuzithandiza pa 15 October 2022. Pambuyo pake a Mandiant, kampani yofufuza za chitetezo cha makompyuta, anaulula kuti gulu lina la akuba pa intaneti linakhala likugwiritsa ntchito bowo limeneli kuyambira chakumapeto kwa 2021, eni ake asakudziwa. Ya CVE-2024-38812 ili ndi phunziro lake: patch ya mu September 2024 sinatseke bowo lonse, ndipo mu October panatuluka ina. Amene anapanga yoyamba n'kuiwalako anakhala ndi chitseko chosakhoma akuganiza kuti akhoma.

Komabe kuthamangira chilichonse chatsopano nakonso kumapweteketsa. Mu November 2021 VMware inachotsa pa tsamba lake ESXi 7.0 Update 3 pamodzi ndi U3a ndi U3b chifukwa cha mavuto, lina mwa iwo lokhudza driver ya makadi a netiweki a Intel, ndipo yokonzedwa ya U3c inadzabwera mu January 2022. Ine ndimagawa chonchi: ngati ndi patch yotseka bowo la mlingo wa 9 kupita m'mwamba, ndimaipanga sabata yomweyo. Ngati ndi Update yaikulu yobweretsa zatsopano, ndimadikira masabata angapo, anzathu a m'mayiko ena ayambe aponda minga, ife tione poponda.

Pepala la m'kabati

Musanatsegule tsamba lililonse, tengani pepala lenileni ndi cholembera. Lembanipo dzina ndi IP ya host imene vCenter yakhalapo, datastore yake (posungira mafayilo ake), IP ya iDRAC kapena iLO (polowera seva muli patali) ya host imeneyo, ma IP a DNS ndi NTP (seva ya nthawi), nambala ya build imene muli nayo panopa, ndi malo amene backup imapita. Mapasiwedi atatu akhale mu envelopu yomata m'sefa ya ofesi: root ya vCenter, administrator@vsphere.local, ndi root ya ma host. Musangowakhulupirira. Lowani nawo, lililonse palokha, tsiku lomwelo. Tsegulani Host Client ya host ija pa msakatuli, https://ip-ya-host/ui, muione vCenter ili pa mndandanda wa ma VM ndi maso anu. Ngati host ili pa lockdown mode, yoletsa kulowa pa host mwachindunji, simudzalowa, ndiye ichotseni kaye kapena ikani akaunti yanu pa Exception Users, vCenter ikadali moyo, chifukwa ikafa kuichotsa kumavuta.

Kuti pepalalo lisaname, vCenter iyenera kukhala malo amodzi. Pitani pa VM Overrides m'makonzedwe a cluster (gulu la ma host), muike DRS ya VM imeneyi pa Manual kapena Disabled mpaka ntchito itatha. Kwathu ndinaika lamulo lokhazikika la "should run on hosts in group" la ma host awiri oyamba, kuti tsiku la tsoka ndizidziwa pogogoda.

Palinso msampha wina umene umagwira anthu odziwa ntchito omwe. Port group ya pa distributed switch nthawi zambiri imakhala ya static binding, kutanthauza kuti wogawa ma port ndi vCenter. vCenter ikagona, simungalumikize VM yatsopano kapena khadi latsopano la netiweki ku port group imeneyo. Ndiye ngati mukubwezeretsa vCenter kuchokera ku backup, mudzapeza kuti yatsopanoyo ilibe pomangirira. Pangani port group imodzi ya ephemeral binding pa VLAN ya management lero lomwe, muitche dzina looneka bwino, muisiye osaigwiritsa ntchito. Imeneyo host imatha kuigawa yokha. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri, koma tsiku lina idzakuombolani.

Kuyeza thanzi la vCenter

Patch zambiri zimene ndaziona zikulephera zinalephera chifukwa cha matenda amene vCenter inali nawo kale: pasiwedi yotha, disiki yodzaza, satifiketi yotha, kapena DNS ndi nthawi zosokonekera. Lowani pa SSH ngati root, lembani shell kuti muchoke mu appliancesh kulowa mu bash, muyambe kufufuza.

Pasiwedi ya root imatha pakapita masiku 90 ngati simunasinthe makonzedwe ake, ndipo ambiri timailowa kamodzi pa chaka, ndiye timaipeza itatha kalekale. Lamulo la chage -l root likuuzani tsiku lake. Ikonzeni musanayambe, chifukwa installer ikaipeza yotha imakana kupitirira.

Kenako df -h. Yang'anani /storage/log, /storage/seat, /storage/core, /storage/db ndi / yeniyeniyo. Ya seat imasunga ziwerengero, ma event, ma alarm ndi ma task, ndipo ikafika 95 peresenti vpxd, service yaikulu ya vCenter, imadzizimitsa yokha pofuna kuteteza database. Ya core imadzaza ndi mafayilo amene pulogalamu imasiya ikagwa. Amenewo mukhoza kuwachotsa mutatsimikiza kuti palibe akuwafuna. Ya /storage/archive isakuopseni ikaoneka yodzaza, inapangidwa kuti izidzaza n'kumadzichotsera yokha zakale. Koma mu /storage/db musachotsemo kanthu ndi dzanja, ngakhale fayilo ikuoneka ngati zinyalala.

Masatifiketi ndiwo amaluma mwakachetechete. Machine SSL imene VMCA, yopanga masatifiketi mkati mwa vCenter, imapereka imakhala ya zaka ziwiri. Kuti muone onse a mu VECS, mosungira masatifiketi a vCenter:

for i in $(/usr/lib/vmware-vmafd/bin/vecs-cli store list); do echo STORE $i; /usr/lib/vmware-vmafd/bin/vecs-cli entry list --store $i --text | egrep "Alias|Not After"; done

Koma pali imodzi imene siioneka pamenepa, ya STS, yomwe imasayina ma token a aliyense wolowa. Pa ma vCenter ena amene anaikidwa nthawi ya 6.5 Update 2 kupita mtsogolo inkakhala ya zaka ziwiri zokha, ndipo anthu ambiri anadzuka Lolemba n'kupeza palibe angalowe, ma service akukana kudzuka. Mu 7 ndi 8 mukhoza kuiona mu vSphere Client pansi pa Administration, Certificate Management. Pa zakale tinkagwiritsa ntchito checksts.py, masiku ano pali vCert, komanso VDT imene imayeza zonsezi pamodzi ndi DNS, NTP ndi disiki n'kukupatsani PASS kapena FAIL. Ine VDT ndimaiyendetsa nthawi iliyonse ndisanapange patch. Satifiketi imene yatsala ndi masiku ochepa ikonzeni kaye, tsiku lina, payokha. Osaphatikiza ntchito ziwirizi tsiku limodzi, chifukwa zikavuta simudzadziwa chakupwetekani n'chiti.

DNS iyankhe mbali zonse ziwiri, nslookup ya dzina ibweze IP, ya IP ibweze dzina lomwelo. Nthawi ya vCenter ndi ya host yake zigwirizane, chifukwa VM ikamadzuka kapena ikabwezedwa ku snapshot imatenga kaye nthawi ya host. Pomaliza service-control --status --all, mulembe kapena mujambule ma service amene ali Stopped. Ena amakhala ozima mwadala, monga vmware-vcha ngati mulibe vCenter HA (vCenter yokhala ndi inzake yodikirira kulowa m'malo ikagwa), ndipo mukapanda kudziwa zimenezi mudzataya ola mukudzutsa chinthu chimene sichinadzukepo chiyambire.

Chatsala ndi kufunsa anansi. vCenter sikhala yokha: pali pulogalamu ya backup monga Veeam, mwina NSX, Site Recovery Manager, ma plugin a storage. Tsegulani Interoperability Matrix ndi release notes, muone ngati onsewa akudziwana ndi build imene mukupitako. Ena mwa iwo amayenera kukwezedwa vCenter isanakwere. Safunsa anadya phula. Ine ndinakwezapo vCenter mokondwa, usiku womwewo backup zonse n'kulephera, ndipo tinakhala masiku atatu tikupemphera kuti pasafe disiki.

Za kupeza fayilo yake: Broadcom inamaliza kugula VMware pa 22 November 2023, malaisensi ogula kamodzi anathetsedwa, ndipo mu 2024 zonse zinasamukira ku tsamba la Broadcom Support. Kuyambira mu 2025 adiresi yakale imene vCenter inkatengako ma patch yokha inasiya kugwira. Pamafunika token ya kampani yanu, yomwe imapezeka ngati muli ndi mgwirizano wolipira. Mukaona Check Updates ikulephera, yambani mwaganizira zimenezo musanakalipire wa firewall. Ine ndimakonda ISO basi. Ndi fayilo ya magigabayiti angapo, dzina lake limathera ndi patch-FP.iso, ndipo ndi intaneti yathuyi ndimaikoka dzulo lake, n'kuyerekeza SHA256 yake ndi ya pa tsamba pogwiritsa ntchito sha256sum kapena certutil -hashfile. Fayilo yoduka pakati imaoneka bwinobwino mpaka itakugwetsani. Ma patch a vCenter amasonkhanitsa zonse zam'mbuyo, choncho simufunika kukwera sitepe iliyonse. Tengani yomaliza ya mzere wanu.

Tsiku la patch

Funsani za jenereta ndi UPS. Musaseke. Dizilo alipo wokwanira? Mabatire anayesedwa liti? Nyengo ya mvula, kukachita mdima kumwamba ndi ziphaliwali, ine ndimasuntha tsiku. Magetsi kuthima database ili pakati posinthidwa ndi chinthu chimene sindifuna kuchionanso.

Yambani ndi backup ya mafayilo. Lowani pa https://dzina-la-vcenter:5480, pamene timati VAMI, pitani pa Backup, dinani Backup Now. Imalola SFTP, FTPS, HTTPS, NFS, SMB ndi zina. Malo opitako asakhale VM ya mu cluster yomweyo. NAS (bokosi losungira mafayilo pa netiweki) yapayokha kapena seva yeniyeni ndiye bwino. Mukaika pasiwedi yobisira backup, ilowenso mu envelopu muja. Chinthu chimene ambiri sadziwa n'chakuti pobwezeretsa backup imeneyi pamafunika ISO yoikira vCenter ya build yofanana ndi imene backup inatengedwapo. Choncho sungani ISO yathunthu ya build yanu pafupi ndi backup, ndipo mukakwera, kokaninso ya build yatsopano.

Imitsani ntchito za backup ya ma VM kuti zisayambe pakati pa ntchito. Kenako snapshot, ndipo ikhale yozimitsa. Pa Host Client dinani Shut Down Guest OS, dikirani izime, tengani snapshot, muiyatsenso. Zimawonjezera mphindi 15 kapena 20, koma database ya PostgreSQL ndi vmdir (kaundula wa maakaunti) zimakhala zitagona bwino, ndipo mwayesanso njira yanu yolowera pa host. Palinso phindu lachitatu: ngati vCenter ili ndi vuto lobisika loti siingadzuke ikazimitsidwa, mwalipeza musanaike patch, ndipo simudzanamizira patch.

Ngati muli ndi ma vCenter awiri kapena kuposa mu Enhanced Linked Mode, mverani bwino apa. Amagawana vmdir, aliyense amawerengera zosintha za mnzake. Muwazimitse onse, mutenge snapshot ya aliyense onse ali chizimire, kenako muwayatse. Zikavuta pa mmodzi, mubwezere onse. Mukabweza mmodzi yekha, iye amabwerera dzulo anzake ali lero, kugawana kuja kumasokonekera, ndipo zizindikiro zake zimadzaoneka patapita masabata, ma permission ndi ma tag akusowa mbali imodzi. Amene ali ndi vCenter HA, njira imene ine ndimaiona yachidule ndi kuichotsa, kupanga patch pa vCenter imodzi yotsalayo, n'kuimanganso pambuyo.

Tsopano lumikizani ISO ku CD drive ya VM ya vCenter, muonetsetse kuti pa Connected pali chizindikiro. Mu VAMI pitani pa Update, Check Updates, Check CD ROM. Build ikaoneka, dinani Run Pre-Update Checks, muwerenge chilichonse chimene yanena, ngakhale machenjezo achikasu. Ndimakonda Stage Only kaye, kuti mafayilo akopedwe vCenter ikugwirabe ntchito, kenako Install. Idzakufunsani ngati mwatenga backup, ndipo nthawi zina imafunanso pasiwedi ya administrator@vsphere.local.

Okonda SSH, mu appliancesh, osati mu bash, malamulo ake ndi atatu:

software-packages stage --iso --acceptEulas
software-packages list --staged
software-packages install --staged

Njira imeneyi ndimaikonda chifukwa umaona chimene chikuchitika mzere ndi mzere, ndipo siidalira msakatuli.

Kenako khalani pansi, manja m'thumba. Kwathu zimatenga pakati pa mphindi 30 ndi ola. VAMI idzakutulutsani, tsamba lidzasowa, vSphere Client idzalemba "no healthy upstream" kwa kanthawi; zonsezi n'zachizolowezi. Manambala amatha kuima malo amodzi nthawi yaitali pamene ikusintha data. Musanagamule kuti yafa, tsegulani SSH yachiwiri, mulowe mu /var/log/vmware/applmgmt, muchite tail -f pa PatchRunner.log kapena update_microservice.log. Ngati mizere ikuyendabe, ili moyo, isiyeni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lachisanu lija, nditadzawerenga ma log pambuyo pake, ndinapeza kuti vuto linali /storage/log yodzaza, chinthu chimene df -h ikanandiuza m'masekondi awiri.

Ikalepheradi, dziikireni malire a nthawi musanayambe. Anga ndi ola limodzi lofufuza. Likatha, tengani ma log ndi vc-support ngati ikulola, zimitsani, bwezerani snapshot, mukafufuze mawa mutu uli bwino. Pa intaneti mudzapeza malangizo oti chotsani fayilo yakuti, sinthani mzere wakuti mu database. Ena ndi oona, koma vCenter yokonzedwa mwa zigamba 1 koloko usiku imadzakuvutitsani pa patch iliyonse yotsatira.

Ikatheka, yerekezani service-control --status --all ndi chithunzi chija, onani build yatsopano, lowani ndi akaunti ya Active Directory komanso ya vsphere.local, onani kuti ma host onse ali Connected, samutsani VM imodzi yosafunika kwambiri ndi vMotion, yendetsani backup ya VM imodzi, kenako tengani backup yatsopano mu VAMI. Chotsani ISO ku CD drive, apo ayi tsiku lina idzakaniza host kulowa maintenance mode.

Kuchoka pa 7 kupita pa 8

Upgrade yaikulu ndi nyama ina. vSphere 7 inasiya kuthandizidwa pa 2 October 2025, choncho amene mudakali pamenepo ulendo uno ngwanu. Ku 8 mungafike kuchokera pa 6.7 kapena 7.0, wa 6.5 ayenera kuima kaye panjira. vCenter ya pa Windows ndi PSC (seva ya zolowera ndi masatifiketi) yapadera zinatha ndi kubwera kwa 7.0 mu 2020. Lamulo losasintha n'lakuti vCenter imakwera poyamba, ma host pambuyo. vCenter 8 imayendetsa ESXi 6.7, 7.0 ndi 8.0, koma vCenter 7 siingayendetse ESXi 8. Onaninso Upgrade Path pa matrix ija, chifukwa build ya 7 imene inatuluka mochedwa kuposa build ya 8 imene mukufuna ikhoza kukanidwa. Kwa installer kumeneko n'kubwerera m'mbuyo.

Apa vCenter yakale siisinthidwa. Installer, imene ili mu ISO yathunthu pa vcsa-ui-installer, imamanga vCenter yatsopano pambali, n'kukoperamo zonse. Gawo loyamba imaika VM yatsopano ndi IP yongobwereka, choncho pemphani IP imodzi yosagwiritsidwa ntchito pa VLAN yomweyo, yotha kufika pa yakale ndi pa host kudzera pa port 22 ndi 443. Mukaloza installer pa host mwachindunji, ma port group a static binding sadzaoneka pa mndandanda. Ephemeral ija yayamba kale kubweza ngongole. Posankha kukula, Tiny ya 8 imafuna ma vCPU 2 ndi 14 GB ya memory ndipo imafika ma host 10 ndi ma VM 100. Small imafuna 4 ndi 21 GB, ma host 100 ndi ma VM 1,000. Ngakhale muli ndi ma host 6 okha, tengani Small. Tiny imayenda ngati ngolo yodzaza mchenga mukangoiwonjezera ma plugin. DRS ya cluster yonse ikhale pa Manual mpaka mutamaliza.

Gawo loyamba silikhudza aliyense, mukhoza kulipanga m'mawa. Gawo lachiwiri limayamba ndi pre-check, ndipo apa ndi pamene ambiri amakodwa ndi SHA-1, njira yakale yosayinira masatifiketi: vSphere 8 imakana satifiketi iliyonse yosayinidwa ndi SHA-1, kaya ili pa vCenter, pa host, kapena ndi root yakale ya kampani imene munthu wina anaiika mu TRUSTED_ROOTS zaka zapitazo n'kuiwala. Idzadandaulanso za distributed switch yakale kwambiri ndi ma host amene 8 siingawayendetse. Konzani zonse, yendetsaninso. Kenako idzafunsa zoti ikope: makonzedwe ndi inventory zokha, kapena pamodzi ndi ma task ndi ma event, kapena zonse ndi ziwerengero za performance. Chachitatucho chimatalikitsa nthawi kwambiri. Pokhapokha a audit atalamula, ine ndimatenga choyamba. Mbiri yakale imatsala mu VM yakale ndi mu syslog.

Mukadina Finish, yakale imazimitsidwa, yatsopano imatenga dzina ndi IP yake. Kubwerera n'kosavuta: zimitsani yatsopano, yatsani yakale. Koma njira imeneyo imakhala yotseguka pokhapokha musanakweze ma host kapena distributed switch, chifukwa mukatero yakale siidzawazindikira. Ndiye dikirani sabata musanakhudze ESXi. VM yakale isintheni dzina, muchotse chizindikiro pa Connect At Power On pa khadi lake la netiweki. Ndinaonapo mnyamata wa mtima wabwino ataona VM yozima yolembedwa vCenter n'kuiyatsa kuti athandize. Ma vCenter awiri a IP imodzi analimbirana ma host mpaka tinachita kuthamanga. Musaiwalenso laisensi: kiyi ya 7 siigwira pa 8, ndipo muli ndi masiku 60 oyeserera. Ngati kugula kwanu kumadikira ndalama zakunja ndi siginecha zinayi, yambani mapepala miyezi ingapo upgrade isanafike.

Kuyambira 8.0 Update 2 pali njira ina yotchedwa Reduced Downtime Upgrade, imene imagwiritsa ntchito nzeru yomweyi yomanga yatsopano pambali ngakhale pa ma update a mkati mwa 8, kotero kuti vCenter imasowa kwa mphindi zochepa chabe. Ndi yabwino, koma zokonzekera zonse zija sizichotsedwa.

Za ma host sindichulukitsa, ndi nkhani yapayokha. Onani kaye ngati CPU, khadi la RAID ndi makadi a netiweki zili pa Compatibility Guide, chifukwa 8 inasiya zida zambiri zakale. Gwiritsani ntchito image ya Lifecycle Manager yokhala ndi add-on ya Dell, HPE kapena Lenovo malinga ndi maseva anu. Ma baseline, njira yakale yokwezera ma host, akupita kotha. Yambani ndi host imodzi, igwire ntchito masiku awiri, kenako enawo. Host imene yanyamula vCenter ikhale yomaliza, ndipo vCenter muisamutse nokha ndi dzanja, mulembe pa pepala pomwe yapita. Timakina ta vCLS timene mumationa mu cluster musatizimitse kapena kutichotsa, DRS imadalira timeneto.

Pakati pa patch ndi patch, Lolemba loyamba la mwezi ndimapatula mphindi 20: df -h, chage -l root, masiku a masatifiketi, ndi kuona ngati backup ya VAMI ya usiku uliwonse ikufikadi pa NAS, potsegula folda n'kuona kukula kwa mafayilo. Kawiri pa chaka ndimabwezeretsa backup imodzi pa host yoyeserera yosalumikizidwa ku netiweki ya ntchito. Port 443, 5480 ndi 22 za vCenter zimafikika kuchokera pa VLAN ya management yokha, SSH ndimaizimitsa ndikamaliza, ndipo zidziwitso za chitetezo za VMware (VMSA) zimabwera pa imelo imene anthu atatu timaiwerenga.

Snapshot ija isapitirire maola 72. Ikakhalitsa imakula, imachedwetsa disiki, ndipo kuibwezera patapita sabata kumabweretsa mavuto oposa amene mukuthawa, poti ma host ndi ma VM asintha kale. Ndimaika alamu pa foni ya tsiku lachitatu, 10 koloko m'mawa. Ikalira ndimachotsa snapshot, ndimabwezera DRS ndi lockdown mode mmene zinalili, ndimalemba build yatsopano pa pepala lija ndi deti lake, n'kukabweza envelopu m'sefa. Kiyi wa sefayo tili naye anthu awiri, ndipo tinagwirizana kuti sitipita ku maliro amodzi tonse.